Kawaya Kopanda Mpata

Kubwalo la ndege zing'onozing'ono, kuseri kwa mpanda umene anthu odutsa amasuzumirapo, kuli shedi yamalata yokula ngati tchalitchi. M'shedi imeneyo mwakhala mukugwira ntchito bambo wina kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni lili pachiphaso chokha. Aliyense, kuyambira mlonda wapageti mpaka abwana eni kampani, amawaitana kuti a Mawaya. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, amatero.

Ntchito yawo ndi ya magetsi a m'ndege. Anaiyambira kutali, m'galaja ya malume awo, kumene ankatchaja mabatire a magalimoto ndi kulumikiza nyali za malole. Malumewo anali munthu wa dzanja lofulumira. Akaona mawaya atalendewera pansi pa chiwongolero, ankayamba akoka khutu la mphwawo, kenako n'kufunsa amene wawasiya choncho. Motero a Mawaya anakula akudana ndi chinthu chilichonse cholendewera. Atapita kusukulu ya zaumisiri n'kulandira mapepala a zandege, chidani chimenechi anapita nacho, ndipo n'chimene chinawatchukitsa.

Mukatsegula chivindikiro cha injini imene yadutsa m'manja mwawo, mumapeza mawaya atagona mwadongosolo ngati tsitsi loluka kumene. Tizingwe tapulasitiki tomangira mawayawo timakhala totalikirana mofanana, timichira take todulidwa bwinobwino kuti tisakande munthu. Oyendera ndege ochokera kuboma ankati akabwera, amaima kaye n'kumangoyang'ana. Pazaka zonsezo panalibe ndege imene inabwerera panjira chifukwa cha dzanja la a Mawaya, ndipo eni ake sankabisa zimenezi. Munthu wabwino, inde, wosadziwa kumana mnzake sipanala, koma akayamba kusimba za dzanja lake tiyi amazizirira m'kapu.

Kampaniyo inali ndi ndege zitatu. Zinkanyamula madokotala, makatoni a mankhwala ndi anthu oyeza malo, kupita nawo kumabwalo afumbi kumene galimoto imafika patapita masiku awiri. Oyendetsa analiponso atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi amene anabwera chaka chathachi. Mayiyu anaphunzira kuyendetsa ndege atakula kale, ana ake awiri ali kusukulu, ndipo pabwalopo ankangomuti mayi Kaputeni. Sanali wolongolola. Ndege ankaizungulira kawiri asanakwere, pamene anzake ankaizungulira kamodzi, fodya atangomutaya kumene pampanda.

Kwa amene sanaloweko m'ndege yaing'ono, nkhani ya magetsi ake siisiyana kwenikweni ndi ya galimoto. Muli batire, ndiye muli olutaneta, makina ozunguzidwa ndi lamba wa painjini, amene ntchito yake ndi kudzaza batirelo ndege ikamauluka. Olutaneta ikaleka kutchaja, injini siima ayi, poti ili ndi moto wakewake. Koma wailesi, nyali ndi zida zouza woyendetsa kumene ali zimayamba kudya batire lokha, ndipo batire la ndege silichedwa kutha. Pakapita kanthawi munthu amatsala m'mwamba yekhayekha, osamva za pansi, apansi osamva za iye. N'chifukwa chake kutsogolo kwa woyendetsa kuli kagetsi kofiira kochenjeza, ndi kasingano kosonyeza ngati batire likudzaza kapena likutha.

Kagetsi kameneko kanamuyakira mayi Kaputeni katatu m'mwezi umodzi, m'ndege yaikulu pa zitatuzo, ya mipando isanu ndi umodzi, imene inali itangochoka kokonzedwa paliponse.

Ulendo woyamba ananyamula madokotala awiri. Atauluka mphindi makumi awiri anatembenuka n'kudzatera. A Mawaya anagwira lamba, ali bwinobwino. Analiza injini pansi pomwepo, mita yawo n'kusonyeza mavoliti 14, monga mmene ziyenera kukhalira. Anapala mitu ya batire, n'kulemba m'buku la ndegeyo kuti: Tayesa, sitinapeze vuto. Ulendo wachiwiri anachotsa olutaneta n'kuika yatsopano. Wachitatu anasintha regyuleta, kabokosi kolamula kuchuluka kwa magetsi otuluka mu olutaneta. Kenako a Kaputeni aakulu, amene tsitsi linachita kuyerera m'ndege, anaitenga m'mawa kukuzizira, opanda katundu, n'kuzungulira nayo bwalo kwa kanthawi. Anatsika akuimba mluzu.

"Ilibe mlandu ndege iyi," anatero, akuponya makiyi patebulo.

Ndege ikapanda mlandu, mlandu umafuna pogwera. Pofika sabata yotsatira m'shedimo anthu anali atayamba kumutchula mayi uja kuti mayi Bwerera. Ena ankati amagunda swichi ndi bondo osadziwa. Ena ankati akaona mitambo mtima umathawira kwa ana, ndiye kagetsi kamayaka m'maso mwake mokha. A Mawaya sananene nawo zimenezi, koma ankaseka nawo, ndipo kuseka nakonso ndi kuyankhula.

Abwana sanali munthu woipa, koma a kuchipatala anali atawaimbira foni kawiri, mawu ake osatsekemera. Lachiwiri abwanawo anaitana a Mawaya ndi mayi Kaputeni n'kunena mosapita m'mbali. Ngati pofika Lachisanu vuto silipezeka m'ndege, ndiye kuti vuto lili pampando wa woyendetsa, ndipo mayiyo aona msana wa njira. Onse atatu ankadziwa tanthauzo lake. Oyendetsa ndege ndi ochepa ndipo amadziwana. Wochotsedwa ntchito chifukwa cha mantha sapezanso pena pomulemba.

Lachitatu chakum'mawa mayi Kaputeni analowa m'shedi n'kupeza a Mawaya akusanja masipanala awo monga mwa kukula kwake. Anapereka moni, n'kuima chapatali pang'ono, manja atagwirana kutsogolo.

"Bambo, ndabwera ngati mwana wanu, osati ngati kaputeni," anatero. "Katatu konse mwandifunsa ngati kagetsi kanayakadi. Simunandifunsepo kuti kamayaka nthawi yanji."

"Nanga nthawi ili ndi ntchito yanji pamenepa, mayi? Magetsi ndi magetsi. Alipo, kapena palibe."

"Kamayaka masana kukatentha, ndege italemedwa, ine ndikukwera ndi mphamvu zonse. Ndikachepetsa moto kuti ndizitsika, kamaphethira n'kuzima kokha. Pofika pano kamakhala katazima kalekale, ine n'kumaoneka wabodza."

"Mita yangayi sinama, mayi."

"Nanenso sindinama, bambo." Mawu ake sanakwere. "Ntchito imatha, zimenezo ndikudziwa. Koma ana anga ndikawauze kuti chiyani? Kuti mayi wanu anaichotsa chifukwa ndi wamantha? Ine wailesi ikandithera m'mwamba ndili ndi anthu asanu kumbuyo, amene adzayankhe ndi ndani?"

Sanadikire yankho. Anatsanzika mwaulemu n'kutuluka, ndipo a Mawaya anatsala atagwira sipanala imene anaiwala malo ake. Mawu aja anawalasa. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mayiyo ananena zoona: iwo anafunsa mita, anafunsa lamba, anafunsa batire, koma munthu yekhayo amene analiona vutolo ndi maso ake sanamufunse.

Nthawi ya nkhomaliro, anzawo atapita kokadya, anavula chivindikiro cha injini n'kuyamba ntchito mmene ankaigwirira kale, asanazolowere zomangosintha zipangizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayambira kubatire, n'kumatsata moto mmene umayendera, polumikizira paliponse akuyeza ngati pakutayika kanthu. Chingwe chokhuthala cholumikiza injini ndi thupi la ndege chinali bwino. Chochokera ku olutaneta kupita kubatire chinali bwino. Swichi imene ankati mayi amaigunda ndi bondo anaigwedeza, anaimenya ndi chala, koma inali nganganga.

Kunatsala kawaya kamodzi, kowonda ngati chingwe cha nsapato, kochokera ku regyuleta imene ili pathupi la ndege kupita ku olutaneta imene ili painjini. Kameneka ndi kamene kamadzutsa olutaneta. Kakapanda kufikitsa moto, olutaneta imangozungulira chabe osatulutsa kanthu. Mwezi wonsewo a Mawaya sanakayezepo. Akayezerenji? Anakaika okha miyezi itatu yapitayo, katsopano, kochokera m'pepala lake, n'kukamanga bwino ndi tizingwe tinayi. Ankakadumpha monga mmene munthu wofunafuna wakuba amadumphira mwana wake.

Anakamasula uku ndi uku, n'kupanirira mita kunsonga zonse ziwiri, kali m'malo mwake momwemo. Mita inalira kuti tiii, kusonyeza kuti moto ukudutsa. Anapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi. Ndiye pofuna kuchotsa chopanira cha kutsidya, poti mawondo sanalinso a mnyamata, anatsamira injini ndi phewa, thupi lonse n'kulemera pamenepo. Mita inangoti zii.

Anadzuka, mita n'kuyambanso kulira. Anakankha injini ndi manja awiri, mita zii. Anachita zimenezi kasanu, ngati kuti kachisanu ndi chimodzi iyankha zina.

Injini ya ndege siimangidwa gwa kuthupi. Imakhala pa mphira, kuti ikamanjenjemera isagwedeze ndege yonse. Ikapatsidwa moto wonse imapotokera mbali imodzi, ndipo mphirazo zikatentha zimafewa, injini n'kupotoka koposa. Choncho chilichonse chochoka pathupi kupita painjini chimayenera kusiyiridwa mpata, chilendewere pang'ono, kuti injini ikasuntha chizisuntha nayo. Limeneli ndi phunziro la chaka choyamba. A Mawaya analiphunzitsapo anthu ambiri. Koma tsiku limene ankaika kawayaka anaona kakugwa ngati mchira wa khoswe pakati pa ntchito yawo yokongola, ndipo dzanja linachita zimene linazolowera. Anakakoka, n'kuwonjezera kachingwe kachinayi. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse injini inkakakoka, timawaya ta mkati n'kumaduka kamodzikamodzi, khungu lakunja likuonekabe latsopano. Ndege ikakhala pansi, nsonga zodukazo zinkagundana, mita n'kumanena kuti zonse zili bwino.

A Mawaya anaika mita pansi. Anakhala pachitini cha mafuta, mutu uli pansi, ndipo anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Ndiye kunabwera maganizo ena, ndipo tisawanamizire kuti sanawamvetsere. Kusintha kawayako inali ntchito ya mphindi khumi. M'shedi munalibe munthu. Kunatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito, dzina lili loyera. Akangosintha mwakachetechete, kagetsi sikadzayakanso, ndege idzakhala yabwino, palibe amene adzavulale. Koma mayi uja adzapita Lachisanu, wina adzabwera n'kuyendetsa popanda vuto, ndipo aliyense adzati, mwaona, tinkanena ife.

Anadula tizingwe tija, n'kuika kawaya katsopano, ulendo uno kokhala ndi mpata wokwana zala zitatu. Kakale kaja anakapinda n'kukaika m'thumba la ovolosi. Buku la ndege analiyang'ana, koma sanalitsegule.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Akazi awo, amene anaphunzitsa ana a sukulu zaka zambiri mpaka kupuma, anali ndi chizolowezi chopisa m'matumba asananyike ovolosi m'beseni, chifukwa anatopa n'kuchapa mabawuti. Anatuluka kukhonde atanyamula kawaya kaja ndi zala ziwiri.

"Bambo a ana, tayamba kuba mawaya a kampani tsopano? Mukanabako aatali, tiziyanikapo zovala."

A Mawaya sanaseke. Akazi awo anawayang'ana, n'kukoka mpando. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, mwamuna akuyang'ana nkhuku pabwalo m'malo moyang'ana mkazi wake.

"Sindikudabwa," anatero mayiwo atamva zonse. "Zaka zonsezi mfundo zanu ndimamasula ndi mpeni. Thumba la shuga mukamanga inu, ana amamwa tiyi wopanda shuga." Kenako mawu anafewa. "Ndiye mukufuna ndinene chiyani?"

"Akandilanda mapepala, mayi? Miyezi isanu ndi itatu yokha imeneyi?"

"Mwina alanda, mwina salanda, ine za kumeneko sindizidziwa. Koma kuntchito kwanu kuli mabini angati? Mukanafuna kubisa, kawayaka kakanagona m'bini. Mwabwera nako kuno chifukwa mwaganiza kale. Mukungofuna wokuperekezani."

Anakapukuta ndi nsalu yawo, n'kukaika pawindo pafupi ndi chipewa cha amuna awo, kuti m'mawa asakaiwale.

Lachinayi m'mawa a Mawaya anavala ovolosi yochapa n'kugogoda kuofesi ya abwana. Anapempha kuti aitanidwe mayi Kaputeni, ndiponso a Kaputeni aakulu. Onse atakhala, anaika kawaya kaja patebulo.

"Bwana, gwirani uku ndi uku, mukoke."

Abwana anakoka. Kawaya kanatamuka ngati mphira. A Mawaya anatulutsa kampeni n'kung'amba khungu lake, ndipo mkati munaoneka timawaya toduka, nsonga zake zitada ndi moto umene unkadumpha pamenepo. Anafotokoza za injini yopotoka, za mphira zofewa ndi kutentha, ndi chifukwa chake ndege yopanda katundu m'mawa kozizira sinaonetse kanthu.

"Anamanga chonchi ndi ndani?" anafunsa abwana.

"Ndine, bwana. Siginecha yanga ili m'buku. Katatu ndinasaina kuti ndege ili bwino, katatu konse vuto linalipo. Mayiwa ananena zoona ulendo uliwonse, ndipo anachita bwino kubwerera. Akanakakamira, kawayaka kakanadukiratu ali kutali." Anatembenukira kwa mayi Kaputeni. "Mayi, anthu akamakunenani ine ndinkaseka nawo. Ndinakulakwirani. Pepani."

A Kaputeni aakulu anapeza chinthu chochititsa chidwi pansapato zawo. Mayi uja anaphimba pakamwa ndi dzanja, misozi ikulengeza, koma sanailole kugwa.

Abwana anakanda mutu nthawi yaitali. Ananena kuti nkhaniyi ayenera kuilembera kwa oyendera ndege, ndipo mmisiri wa kwina adzabwera kudzaona ndege zonse zitatu. A Mawaya anati akudziwa, ndipo kalatayo athandiza kulemba okha. Kenako abwana anatembenukira kwa mayi Kaputeni, n'kupepesa nawonso, mwachidule monga mmene mabwana amapepesera.

"Ntchito ndi yanu, mayi. Ndipo ngati mukufuna kuti ndege yanu aziigwira mmisiri wina kuyambira lero, nenani. Palibe angakudabweni."

A Mawaya anayang'ana pansi. Apa ndi pamene anaopa kwambiri, kuposa za mapepala zija.

"Wina abwere adzaione, poti malamulo amatero," anayankha mayiyo. "Koma siginecha imene ndikufuna kuona ndisanakwere ndi ya bambo awa. Mmisiri wosalakwitsa ine sindinamuonepo, bwana. Koma wolakwitsa n'kubwera nako yekha kawaya patebulo, ndaona mmodzi."

Mmisiri wa kwina uja anabwera masana omwewo, munthu wamng'ono kwa a Mawaya ndi zaka makumi awiri, ndipo iwo anamugwirira tochi. Anayesa ndege yopanda anthu, atailemetsa ndi matumba a mchenga, ndipo inabwera bwino. Oyendera ndege anadzayankha patapita masabata: chenjezo lolembedwa, ndi lamulo loti kwa miyezi itatu ntchito yawo aziionanso munthu wachiwiri. Mapepala sanalande. Koma zimenezo zinali za m'tsogolo.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, malata a shedi akuthetheka ndi kutentha, mayi Kaputeni anakweza madokotala awiri, anamwino awiri ndi makatoni a mankhwala mpaka kudenga. Anaizungulira ndege kawiri, n'kuwerenga buku, n'kugwedeza mutu kwa a Mawaya. Ndege inathamanga, inanyamuka molemedwa, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kusanduka kadontho.

A Mawaya sanapite kokadya. Anakaima m'kachipinda ka wailesi, kumbuyo kwa kalaliki, maso ali pawotchi ya pakhoma. Mphindi khumi zinadutsa. Makumi awiri, nthawi imene kagetsi kaja kankayakira. Makumi atatu. Thukuta linali kamukamu, ndipo sikunali kutentha kokha. Anthu a m'shedi, omwe aja a mayi Bwerera, anali atadzazana pakhomo mwakachetechete.

Wailesi inakhosomola, kenako mawu a mayi uja anamveka, odekha ngati akuyankhula ali kukhitchini kwawo.

"Muwauze bambo Mawaya kuti singano ili pamalo pake, kagetsi sikanayake. Ndikupitirira."

Kalaliki anatembenuka kuti apereke uthengawo, koma eni ake anali atatuluka kale. Anaima kuseri kwa shedi kanthawi, akupukuta m'maso ndi nsanza ya girisi, mpaka nkhope yonse inada. Mtima unali utapepuka, ndipo anakondwa monga mmene anakondwera tsiku limene mwana wawo woyamba anayamba kuyenda. Atatha anatenga pulayala yawo n'kupita pandege yachiwiri, kumene kunali tizingwe tina tofunika kudula.